Mafunde a pa Foni ya Mfundo

1

Pa Lizulu mukafunsa Nangozo wa kachewere, aliyense akulozerani benchi langa, ndipo ena akulozerani akuseka. Alekeni aseke, mano ndi awo. Ine ndikufuna nkhaniyi muimve kwa mwini wake, chifukwa imene ikuyenda mumsikamu yamera kale nyanga ndi mchira.

Ndili ndi mwana wamwamuna mmodzi, Mfundo. Kubanja kwa amuna anga, a Silvester, mwamuna amayesedwa ndi Joni. Agogo ake Mfundo anakakumba mgodi. A Silvester nawonso anakakumba, nkubwerako ndi jekete lachikopa ndi chifuwa chosatha, moti mpaka lero akamakhosomola amakhosomola monyada. Ndiye Mfundo atakula ndinagulitsa nkhumba zanga, ndinamupezera thiransipota womuwolotsa mpaka ku Joni, ndipo tikukolola chimanga ndinakamukweza basi ndekha. Pawindo ndinamuuza mawu amodzi: "Ukabwera manja lende, usadzadzere pakhomo panga."

Mawu amenewo muwasunge. Tiwafuna kutsogoloku.

Patapita masabata angapo foni ya a Silvester inalira. Foni yaikulu m'nyumba mwathu ndi yawo, yanga ndi ya mabatani yoitanira makasitomala. Anandigwirizira pakhutu ngati ine ndilibe manja.

"Amayi, ndafika. Ndili ku Durban. Ndapeza ntchito pa hotela ya m'mbali mwa nyanja."

Nyanjayo ndinaimva ndi khutu langali. Phwaa. Phwaa. Mbalame zikulira, kanyimbo ka ting'oma chapansipansi, kenako wezulo, kenako mtsikana akuseka, kuseka kwa munthu amene sanapalirepo munda.

"Akusekayo ndani?"

"Ndi alendo, amayi. Azungu a pa holide. Akusewera volebo pamchenga."

"Nanga iwe ukutani?"

"Ine ndimawatolera mpira."

Ndinati chabwino, mpira wa mzungu sungatoledwe ulele.

Anatumizanso chithunzi: mchenga woyera ngati ufa wosefa, mitengo ya kokonati, neti itamangidwa pakati, madzi obiriwira ngati sopo. Foniyo ndinalanda nkuzungulira nayo mzere wonse wa kachewere. Veronica, mnzanga wa benchi loyandikana, amene mwana wake amangopalasa kabaza, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma mchengawu, a Nangozo, ulibe ngakhale khoko la nthochi?"

"Kumeneko amasesa, mayi. Si kuno."

2

Mnyamata akakhala ku Joni wosakwatira, akazi a kumeneko amamudya nkusiya mafupa. Ndiye sindinachedwe. Asanapite anali kale ndi chibwenzi, Lufina, mwana wa a Eliness a kutsidya kwa dambo, woimba kwaya, wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Ndinatuma ankhoswe, tinapangana tsiku.

Chinkhoswe tinachita mkwati palibe, monga achitira ambiri amene ana awo ali kunja. Pampando wake tinakhazikapo chithunzi chake cha mu fulemu, ndipo chinakhala mwaulemu kuposa mwini wake. Ankhoswe anasinthana nkhuku, ife tinapereka tambala, iwo thadzi. Thadzilo ndinaliyeza m'manja pamaso pa anthu.

"Asewere, nkhukuyi imadya kapena imasala?"

"Ikanenepera kwanuko," anatero a Eliness. "Paja kwanu kumabwera za ku Joni."

Za ku Joni sizinali zitayamba kubwera, koma Mfundo ankati abwana akumusungira. Ine ndinkauza anthu kuti zili m'njira.

Nthawi yomweyo a Silvester anasintha. Kachewere wanga ndimakapikula mkati mwa Mozambique, pa kamsika kena ka fumbi. Mwadzidzidzi bambo amene chikwatirane sanandinyamulirepo ngakhale dengu anati, "Miyendo yanu ikutupa, amake Mfundo. Ndizipita ine." Ndinati Mulungu wamva mapemphero mochedwa. Koma zimene ankabweretsa, abale! Timbatata ngati mazira a nkhunda, pa mtengo woyamba umene mlimi watchula. Munthu wamkulu, kuvomera mtengo woyamba!

Ndiye ndinati Lufina azipita nawo, azikasankha ndi kunenerera. A Eliness anakana.

"Mpongozi kukwera lole imodzi ndi apongozi ake aamuna? Kwathu kuno sitichita zimenezo."

"Ulemu auchitire pamwamba pa matumba," ndinatero. "Ine ndikufuna mbatata zazikulu."

A Silvester anatuluka thukuta m'mwezi wa June, pa Lizulu pamene madzi amaluma zala. Anati mwanayo atopa, anati msewu ndi woipa, anati zambiri. Ndinapambana ndine, monga mwa masiku onse.

Ulendo woyamba Lufina anabwerako maso ali psuu. Ndinati ndi fumbi. Maulendo otsatira ankadzuka yekha, chitenje chatsopano, mafuta onunkhira mpaka m'zigongono. Mbatata zinali zazing'onobe. Ndinati anthu awiriwa analodzedwa ndi mlimi mmodzi.

3

Tikukololanso chimanga, Veronica anandikodola.

"Mpongozi wanu uja akunenepa bwino. Kungoti akunenepa malo amodzi."

Masana omwewo Lufina anabwera pabenchi kudzandithandiza kuunjika. Ndinamuyang'ana akuwerama. Ine ndabereka, sindifuna nesi.

"Imirira. Masula chitenjecho."

Anangogwira mfundo ya chitenje ndi manja onse awiri.

"Ya ndani?"

Anamangitsa mfundo ija.

Apa ndiye pakamwa panga panatseguka, ndipo pakamwa panga pakatseguka mabasi amazimitsa injini. Ndinati mwana wanga akupsa ndi dzuwa ku Durban, kutola mipira ya azungu kuti iwe udzagone pa matiresi. Ndinati chaka chatha osaponda dziko lino, kodi mimba masiku ano ikubwera pa foni? Ndinati kwayako mumaimba ndi pakamwa kapena ndi chiyani? Ndinanenanso zina zimene a magazini ano sangalole. Mzere wa kachewere unamva, wa kabichi unamva, ngakhale a tsidya lina la msewu, ku Mozambique, anasiya malonda nkuima. Lufina anatola mbatata imene inagwa, anaibwezera pamulu, nkumapita.

Madzulo ndinagwira thadzi lija, ulendo kwa a Eliness.

"Tengani nkhuku yanu. Ndipatseni tambala wanga."

"Ndamva kuti linaswa," anatero a Eliness. "Anapiye ali kuti?"

"Anapiye adya gaga wanga."

Anandipatsa tambala osatsutsa. Maso awo anali otupa. Anati nawonso amufunsa mpaka mawu kutha, sakutchula munthu. Kukwaya amuimitsa. Atsibweni ake agamula kuti Loweruka atsikire ku Bwanje kwa azakhali ake, akachirire kumeneko kosaoneka, ndipo asadzabwerenso kudzachititsa manyazi mudzi.

"Ku Bwanje kuli mpunga," ndinatero. "Sakafa ndi njala."

Mfundo ataimba ndinamuuza zonse. Kumbuyo kwake mafunde phwaa, phwaa, wezulo, ndi mtsikana uja kuseka. Kuseka komwe kuja, kokwera kumapeto ngati wina wamugirigisha. Chaka chonse ndinkangoti azungu onse amaseka mofanana.

"Amayi," anatero potsiriza, "musamukalipire kwambiri."

"Wakudyetsa chiyani mtsikana ameneyu?"

Foni inaduka. A Silvester anati ndi netiweki ya ku Joni.

4

Mawa lake Veronica anadikira kuti kasitomala achoke, nkunena akuyang'ana kumwamba ngati akufunsa mitambo.

"Ine sindikunena kanthu. Ndikungofunsa. Ku Mozambique kuja, mtsikanayu ankapita ndi ndani?"

Ndowa inandipulumuka m'manja.

Ndinayamba kukumbukira. Thukuta la mu June lija. Mafuta onunkhira aja. Timbatata tija, ta anthu amene afika pamsika ena atasankha kale. Ndipo amene anawakweza lole imodzi, a Eliness akukana, anali ndani? Ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa.

Ndinawapeza a Silvester kuseri kwa khola akumanga kaphukusi. Ndinalanda. Munali shuga, sopo ndi kansalu kofewa ka mwana wakhanda.

"Bambo a Mfundo, ndiyang'aneni. Izi nza ndani?"

"Nza mwana uja. Akupita kutali."

"Mwini mimba mukumudziwa?"

Anakhosomola chifuwa chawo cha mgodi, koma ulendo uno chopanda kunyada.

"Ndinalumbira kuti sindinena."

"Munalumbira kwa ndani?"

Anatola khasu nkuthawira kudimba, nkhalamba yathunthu kudumpha mizere ngati mbuzi.

Lachisanu m'mawa ndinapita kwa a Eliness. Ndinapeza Lufina yekha pakhonde akumanga katundu wake m'chitenje. Sindinapereke moni.

"Ndiuze chimodzi chokha. Ndi amuna anga?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka. Chimudziwireni ndinali ndisanamumvepo akuseka choncho. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira.

"Amayi, ndinalonjeza kuti sindinena, ndipo sindinena. Anati adzanena yekha akakonzeka. Ndadikira." Anapukuta maso ndi ngodya ya chitenje. "Koma mbatata zimene timabweretsa zija ndi zazing'ono. Lero mukapikule nokha. Mukatsikire pa chigayo."

5

Lole inanditsitsa pa chigayo dzuwa lili pamutu. Chigayo chikulira, amayi ali pamzere ndi matumba, fumbi lokhalokha. Ndinaima ngati chitsiru, osadziwa chimene ndikufuna. Kenako chigayo chinazima kuti athire mafuta.

Phwaa. Phwaa.

Kumeneko kulibe mtsinje woti nkhuku ingamire. Koma nyanja ndinaimva. Mbalame. Kanyimbo ka ting'oma. Wezulo. Ndipo mtsikana uja anaseka.

Ndinatsata kusekako kuseri kwa chigayo. Panali shedi ya malata, sola padenga, chinsalu chakuda pakhomo. Ndinachikankha.

Mkati munali mabenchi, azibambo a kabaza atakhala kukamwa yasa, ndi kanema wamkulu kutsogolo. Mu kanemamo munali mchenga uja. Mitengo ya kokonati ija. Neti ija, pamalo pomwe paja. Atsikana ojambula anayi akudumphadumpha kumenya mpira, atavala tinsalu tosakwana nkusefera tiyi. Wina akagwetsa mpira mbali ya anzake, wezulo, nkuseka. Ndipo kutsogolo kwenikweni, atagwira kachipangizo ka mabatani ndi manja awiri, atavala jekete lachikopa la bambo ake, masaya ali phwii, kunali mwana wanga wa ku Joni.

"Odi ku Durban kuno!"

Azibambo aja sanafunse kuti ndine ndani. Anatuluka ngati mbewa m'nkhokwe, wina kusiya patapata.

Mfundo anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

"Amayi."

"Ndabwera pa holide. Hotela yake ndi imeneyi? Chipinda changa chili kuti?"

Anayamba kulira, bambo wandevu. Anati thiransipota uja anawasiya iye ndi anzake pa Tete nkuzimiririka ndi mapasipoti. Anabwerera pa malole a makala mpaka pa Lizulu. Anaima tsidya la msewu, anandiona pabenchi ndikukangana ndi kasitomala, anakumbukira mawu a pawindo la basi aja, miyendo inakana kuwoloka. Anathawira kuno, ndipo mwini shediyi anamulemba ntchito yolondera gemu ya pa kanemayo ndi kutolera ndalama za osewera. Anaimbira bambo ake, ndipo awiriwo anagwirizana kuti andiuze zinthu zikadzakhala bwino. Poimba foni ankakweza mawu a gemu.

"Mimba ija?"

"Ndi yanga, amayi."

"Ndikumunyoza mkazi wako pamsika, iwe unali kuti?"

"Ndimaopa."

"Umaopa. Iye amene amuchotsa kukwaya, amene mawa akutsikira ku Bwanje ndi kaphukusi pamutu, ndiye saopa? Wasiya mwana wa eni ake adye manyazi yekha kuti iwe usunge azungu ako a m'galasi?"

Pa kanema atsikana aja anali ataima, akugwedezeka pang'onopang'ono kudikira kuti wina adine batani.

"Amene amasekayo ndi uti?"

Analoza wa tsitsi lachikasu. Ndinamuyang'anitsitsa. Chaka chonse ndinkagona ndikupemphera kuti ameneyu asandilande mwana. Alibe ngakhale fungo.

Kenako Mfundo anapukuta mamina nkubwera ndi nzeru za kwa bambo ake.

"Amayi, pali njira. Tinene kuti ndinabwera mwakachetechete kudzaona Lufina, nkubwereranso ku Durban. Mimba ikhala yanga, ku Bwanje sapita, inunso dzina lanu pamsika lisungika. Ine ndizikhala konkuno mpaka ndipeze ya ulendo."

Sindikunamizani, ndinaiganizira. Ndinakhala pabenchi nkuitembenuza uku ndi uku ngati mbatata ya mlimi wachilendo. Kunja kwake inali yosalala. Veronica sakanaseka. Chithunzi chija chikanakhalabe Durban. Koma ndinaona Lufina akutola mbatata ija pansi nkuibwezera pamulu wanga, ine ndikumutukwana. Ndinamuona akubereka, akulera, akunamizira mwana kuti bambo ako ali kunyanja, uku bamboyo ali kuseri kwa chigayo kudina mabatani. Mkati mwake inali yowola.

"Vula jeketelo," ndinatero. "Silako. Tiye."

6

Tinafika pa Lizulu nthawi imene mabasi a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre amakumana, msika utadzaza. Ndinamugwira padzanja ngati wa sukulu ya mkaka, kudutsa naye mzere wonse. Ndinavundikira ndowa nkukwerapo.

"Amene munandimva tsiku lija, bwerani mumvenso! Lero sindilipiritsa!"

Anabwera. Pa zaulele anthu a pa Lizulu sachedwa.

"Uyu ndi Mfundo, mwana wanga wa ku Durban. Durban yake ili kuseri kwa chigayo ku Mozambique uko, lole imafika musanamalize chimanga chootcha. Nyanja yake imayendera sola. Azungu ake ndi zidole za mu gemu. Iwe, auze anthuwa, mimba ya Lufina ndi ya ndani?"

"Ndi yanga."

"Kweza mawu! Mafunde aja unkakweza bwanji?"

"Ndi yanga!"

Msika unaphulika. Veronica anaseka mpaka anakhala pa mulu wa kachewere wake. Wina anakuwa kuti, "Watibweretsera chiyani wa ku Joni?" Wina anayamba kuchita phwaa, phwaa ndi pakamwa, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pali amene amachita. Ndinatsika pa ndowa, mutu uli chilili.

Kunyumba ndinapeza a Silvester akunamizira kukonza mpini. Ndinawaponyera jekete lawo. Ndinapatsa Mfundo tambala kuti anyamule kukhwapa. Ine ndinasenza dengu la anapiye aja onse, amene tsopano anali misoti yonenepa ndi gaga wanga.

A Eliness tinawapeza pakhomo, Lufina ali pambali pa katundu wake womanga kale. Nkhani inali itatitsogolera. Mfundo anagwada patali, tambala akupalapata. Lufina sanamuyang'ane nkomwe.

"Mwabwera kudzatani, a Nangozo?" anatero a Eliness.

"Ndabwera kudzatenga thadzi langa, asewere."

"Munabweza nokha."

"Ndabwera ndi tambala. Ndawonjezera misoti yonseyi."

A Eliness anasuzumira m'dengu ngati munthu amene sakufuna kugula.

"Nkhuku tili nazo. Mtengo wa thadzi limeneli ndi wina. Mugwade pamaso pa mwana wangayu, mumupepese."

Ine? Apongozi kugwadira mpongozi, anthu ali m'mipanda kusuzumira?

"Pamsika ndanena kale zonse."

"Pamsika mwanena za mwana wanu. Za mwana wanga simunanene."

"Ndikhala pansi. Kukhala pansi ndi ulemu womwewo."

"Kugwada."

"Bondo limodzi. Linali limatupa, a Silvester ndi mboni."

"Onse awiri."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna pothawira, monga ndichitira mlimi akauma mutu, kuti andiitane ndikamachoka. Palibe amene akanandiitana. Lole ya ku Bwanje inali ya m'mawa.

Ndinatula dengu. Ndinagwada, maondo onse awiri, pa fumbi la pakhomo pa eni ake.

"Apongozi," ndinatero kwa Lufina, "ndinakulakwirani. Mawu onse aja ndawameza. Musapite."

Lufina anandisiya pamenepo kanthawi, ndipo sindimudandaula, inenso ndikanatero. Kenako anawerama movutikira ndi mimba yake, anakoka katundu uja, nkuyamba kumasula mfundo.

Chibadwire changa, umenewo ndi mtengo woyamba umene ndinalipira osachotsera.

7

Mwana anabadwa wamkazi, dzina lake Yankho. Mphuno ndi ya Mfundo, moti ngakhale Veronica anasowa chonena. Lufina anabwerera kukwaya ukwati utadalitsidwa, ndipo ndiye amene akukapikula tsopano. Mbatata zikubwera zazikulu ngati zibakera. Mfundo amasenza matumba kuchokera pa lole kufika pabenchi, ndipo anzake amamutchula Durban. Amayankha. A Silvester ndinawakhululukira theka, theka linalo ndikusunga.

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene ana anu ali kunja, sindikuti mukafufuze kuseri kwa chigayo chilichonse. Ena alikodi ku Joni. Koma mwana wanga anaima tsidya la msewu, wanjala, akundiona ndi maso, ndipo anasankha kukagona mu shedi kusiyana ndi kuwoloka kubwera kwa mayi ake. Thiransipota anamubera pasipoti yokha. Njira ya kwawo ndinamutsekera ndine, pawindo la basi, ndipo amene analipira ndi mtsikana amene sanalakwe kanthu. Mukamakweza mwana basi, muuzeni za kusamba ndi kupemphera. Zinazo mezani.

Ndipo musabwere pabenchi langa mukuganiza kuti poti ndinagwada ndiye ndafewa. Ndowa ya kachewere mtengo ndi womwe uja.